Mbewu ya Chaka Chino Asankhe Pemphero

Kalingalinga,
Lusaka.
Lamulungu masana, mwezi wa Okutobala.

Alongo anga a Dolika, amake Pemphero,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, poti zina zonse zimabwera pambuyo. Muli bwanji kumeneko ku Chipangali, inu ndi alamu anga a Bizwell? Nanga chala chija chinaphwa? Musandiyankhe kuti chili bwino chikukupwetekani. Ndimakudziwani inu, mukhoza kuthyoka mwendo n'kumauza anthu kuti mwangopunthwa. Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mlamu wanu Felesita chifuwa chija chinamusiya, ndipo Tawina wayamba kuyenda, moti m'nyumba muno mulibenso chinthu chokhala pamalo pake.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Nyumba yathu mukuidziwa, munthu akayetsemula kuchipinda wa pabalaza amamupepesa. Nkhani ndili nayoyi sindikanainena pafoni mwini wake akumva, komanso inu mumachita kukwera pachulu kuti mundimve, mawu ena n'kumapita ndi mphepo. Kalatayi ndapatsira anzanga a Howard, amene akubwera mawa kudzaona banja lawo ku Kapata, ku Chipata, ndipo alonjeza kuti aikweza galimoto ya kwanuko tsiku lomwelo. Muwerenge nokha kapena ndi alamu, osapatsa ana kuti akuwerengereni.

Kuno dzuwa lakwiya. Malaiti amathawa m'mamawa n'kubwera pamene afunira, ndiye makina athu opalira matabwa angosanduka pokhalira. Tabwerera ku sowo ya manja, ndipo ndikamaweruka mapewa amakhala ngati si anga. Madzi nawo akuvuta, Felesita amakaima pamzere ndi zigubu mpaka mwana kugona kumsana. Koma ntchito ikupezeka, sitikugona ndi njala.

Sabata yatha kunabwera bwana wina ndi chithunzi cha chitseko m'foni mwake, ati ndimupangire chimodzimodzi, ndi matabwa omwewo. Ndinamuuza kuti chitseko chimenecho n'cha kumayiko kopanda chiswe, iye ati ine ndine wotsalira. Ndamupangira. Chiswe cha ku Lusaka chidzamuyankha chokha.

Koma alongo, nyengo ino ndi imene imandipweteka chaka chilichonse. Madzulo mphepo ikabweretsa utsi, mtima wanga umadumpha kuti anthu ayamba kusosa, akuwotcha mapesi. Ndikanunkhiza bwino ndimapeza kuti ndi mapulasitiki a kudzala. Pamenepo ndimayamba kuona munda wathu wa kutsidya kwa dambo, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, inu mutagwira m'chiuno n'kumakalipira mitambo ngati ana anu. Ndalakalaka kwathu. Munthu wamkulu ndi ndevu zangazi, ndikapita kukagula misomali ku msewu waukulu ndimaima n'kumayang'ana mabasi a ku Chipata, mpaka anzanga kundifunsa ngati ndatumiza katundu m'menemo.

Tsopano ndinene chimene ndalembera. Ndi za mwana wathu Pemphero. Mtima usathamange, sakudwala, ndiponso alibe pathupi, poti ndikudziwa kumene maganizo anu athamangira. Koma mwanayu akufuna kusiya yunivesite. Mayeso a kumapeto kwa chaka ali mwezi wamawa, ndipo wandiuza ndi pakamwa pake kuti iye m'chipinda cha mayesomo sakalowamo. Munamupereka m'manja mwanga monga malume wake, ndiye sindingakubisireni.

Chibwerereni kuno kudzayamba maphunziro ake a zaulimi, foni sichoka m'manja mwake. Poyamba ine ndinkanyadira. Ndinkaletsa ngakhale Felesita kumutuma, ndimvekere musiyeni mwanayo, akuwerenga. Amadya ndi dzanja limodzi. Akamasamba foni imakhala ikuimba pazenera la bafa. Tawina akhoza kugwa n'kulira pamapazi pake penipeni, iye osamva, ndipo m'mawa amadzuka maso ali psuu ngati wakhalira kupemerera moto wa nkhuni zaziwisi. Ndinkangoti sukulu ya pamwamba ndi mmene imakhalira, nanga ine ndinaifika?

Tsiku lina ndikudutsa kumbuyo kwake ndinasuzumira. Munalibe za sukulu m'menemo. Munali timavidiyo ta anthu akuvina, ena akuphika, atsikana ena akuonetsa zipinda zawo za kunja, chala chake chikungokankha, kena kasanathe kwabwera kale kena. Chimene chinandiopsa n'chakuti sankaseka. Munthu woonera zoseketsa amaseka, koma iye nkhope inali gwa, ngati akugwira ganyu yoti sakuifuna.

Kenaka Felesita anamupempha kuti atendere nkhwani. Mukudziwa chimene anachita? Anaima m'khitchini n'kuyamba kufunsa foni kuti nsinjiro athire zochuluka bwanji. Mwana wa Dolika, wobadwira pakati pa mtedza, kufunsa intaneti katenderedwe! Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Iye sanaseke. Anangoti amaopa kulakwitsa, n'kupereka mphikawo kwa anti ake. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

Zenizeni ndinazimva kwa mnzake wa m'kalasi, dzina lake Zaitun. Ndi mtsikana wa kwathu komweko, bambo ake ali ndi sitolo ya nsalu ku Chipata. Anandilondola kuntchito, n'kuima pa utuchi ndi nsapato zake zoyera, ati amalume, ndabwera chifukwa mnzangayu akumira ndipo ine ndekha ndalephera kumuvuula. Akuti Pemphero amachoka kunyumba m'mawa ndi chikwama monga mwa masiku onse, koma m'kalasi salowa. Amakakhala kuseri kwa laibulale kumene intaneti ya sukulu imafika, mpaka nthawi yoweruka, n'kubwera kunyumba ngati munthu wotopa ndi maphunziro.

Akuti zinayamba tsiku limene aliyense ankaimirira kutsogolo kufotokoza ntchito yake, mafoni ali m'zikwama. Itafika nthawi ya Pemphero, aphunzitsi anamufunsa kafunso kosavuta. Iye anangoima, dzanja likupapasa pathumba la siketi pamene pamakhala foni. Anzake anadikira, aphunzitsi anadikira, osamukalipira n'komwe, mpaka iye anatuluka yekha. Chichokereni tsiku limenelo sanabwererenso. Zaitun anati ambiri pasukulupo matendawa ali nawo, iyenso amachita kusiyira foni mnzake akafuna kuwerenga, koma matenda a Pemphero alowa m'mafupa.

Ndinamuitana Loweruka masana kuseri kwa nyumba. Ndinkayembekeza kuti akana kapena andinamiza, koma sanakane kanthu. Anati m'mutu mwake mulibe chilichonse. Ntchito zonse zimene wakhala akupereka kusukulu ankafunsa foni n'kukopera, ndipo akayesa kulemba yekha amalemba mzere umodzi n'kufufuta, poti umaoneka wachibwana. Anati m'fonimo aliyense ndi wanzeru, aliyense ali patsogolo, wotsalira ndi iye yekha. Mantha akamugwira amaitsegula kuti apumeko pang'ono, akamadzutsa mutu dzuwa lapendeka, mantha aja akula kuposa poyamba, ndiye amaitsegulanso. Pomaliza anagwada n'kundipempha kuti ndisakuuzeni, ati amayi akamva afa ndi manyazi kutchalitchi.

Alongo, ndinamva chisoni chimene sindinamvepo. Uyu ndi mwana uja ankatsutsana ndi akatekisiti pa mafunso a katekisimu ali ndi mamina m'mphuno. Lero akulankhula ngati nkhalamba yoti yagawa kale katundu wake. Timakhala naye nyumba imodzi, timadyera pamodzi, koma ndimamusowa ngati ali kutali kuposa inu.

Ndinachita zimene mwamuna wopsa mtima amachita. Ndinamulanda foni n'kuikhomera m'bokosi la zida. Sanalimbane nane. Anakakhala pabedi kuyang'ana khoma, chala chachikulu chikuyendayenda pabondo ngati foniyo ilipo. Chakudya anakana. M'mawa mwake Felesita anandikokera pambali, ati bambo ake Tawina, kulanda ndodo munthu wotsimphina si kumuchiritsa mwendo. Anandikumbutsanso kuti zolemba za aphunzitsi ndi nthawi za mayeso zonse zimabwerera m'foni momwemo. Ndinatsegula bokosi n'kumubwezera, manyazi ali nane ine.

Ndiye ndinayesa pakamwa. M'mawa ndinkamuuza kuti ungathe, madzulo kuti ndiwe wanzeru, ndinamukumbutsa mmene anakhozera giredi thwelofu mudzi wonse n'kuvina. Ankandimvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo, n'kuyankha kuti amalume, uja anali wina. Ndinaona kuti mawu anga akungotsetsereka ngati madzi patsamba la koko. Ndinasowa mtengo wogwira.

Kenaka linafika thumba lanu lija. Chaka chilichonse mumatitumizira mtedza woswa kale, wopeta bwino, woti n'kungothira m'chiwaya. Ulendo uno munatumiza wa makoko, ndi uthenga wautali wopepesa kuti chala chakulepheretsani, munati mwana wanga andikhululukire. Ndikukuuzani lero kuti chala chimenecho chinatupa pa nthawi yake.

Mlamu wanu mukumudziwa, anabadwira ku Matero, mu Lusaka momwe muno, mtedza anauonera m'timapepala ta pamsika. Anayala thumba pakhonde n'kuyamba kulimbana nawo, wina ndi mano, wina ndi kamwala, theka n'kumaphwanyika. Mayi wina woyandikana nafe anamuuza kuti awaze madzi kuti makoko afewe. Felesita anatenga kapu. Asanawaze tinangomva mawu kuchokera pakhomo, mawu oti ndinali nditawaiwala kukula kwake.

“Anti, musathire! Mufuna kutidyetsa chuku?”

Anali Pemphero. Foni anaisiya pazenera, n'kulanda kapu ija, n'kukhala pansi atatambalala monga mumakhalira inu. Anatenga khoko limodzi, kulikanikiza pakamlomo, ilo phwa, mtedza uli m'manja wosasupuka n'komwe. Anamuonetsa Felesita kawiri, kenaka manja ake anangoyamba kuthamanga okha. Ine ndinali ndikukonza mpando pabwalo, ndinausiya.

Manja akugwira, pakamwa panatseguka. Anafotokoza kuti mtedza ukanyowa umachita chuku, ndipo chukucho chimasiya poizoni amene saphedwa ndi moto, kaya mukazinge kaya muphike. Anati poizoniyo amawononga chiwindi mwakachetechete ndipo ana amapinimbira naye. Anatchula dzina lake lachingerezi lalitali, n'kupitiriza za kaumitsidwe ka mtedza kumunda, chifukwa chake suyenera kugona pa dothi lonyowa, ndi chifukwa chake wa mbewu umasungidwa m'makoko mpaka mvula itayandikira. Mayi wa madzi uja anakoka kampando. Anabweranso ena awiri. Ankamufunsa, iye kuyankha, osacheukira pazenera. Foni inalira kangapo, iye anangoti isiyeni, manja agwira.

Osauzidwa ndi munthu, anayamba kupatula. Wodya uku, mphwephwa zija zofota uko kuti zikhale za nsinjiro, wakuda ndi wobowoka kudzala. Koma panali kamulu kena kakang'ono kamene ankaika pafupi ndi bondo lake. Nditamufunsa anati umenewo ukanakhala wa mbewu, wokhwima, wodzaza, kakhungu kake kosang'ambika. Ndinati nanga zimenezi anakuphunzitsani kusukulu? Anati zina inde, koma diso analitenga kwa inu, ankakuonererani ali kumbuyo kwanu, poti kukhudza simunkamulola.

Ndinamufunsa ngati zimene wauza azimayiwo si zomwezo amafunsa pa mayeso. Anavomera kuti zina n'zomwezo. Ndinaona kanthu kakuwala pankhope pake, koma anakazimitsa yekha, ati amalume, izi n'za mtedza chabe, aliyense angathe. Sindikunamizani, alongo, sanachire tsiku limenelo. Thumba litatha anabwerera kufoni kwake. Koma masiku amene tinkaswa mtedzawo ndinamuona mwana wathu, ndipo tsopano ndikudziwa kuti akadalimo.

Tsiku lomaliza kuswa tinatsala awiri, ndipo anandiuza zimene zandilembetsa kalatayi. Anati akafika kumudzi amakhala mlendo. Mumamulandira chikwama, kumupatsa mpando, kumusambitsa m'manja ndi madzi ofunda ngati abambo mfumu abwera kudzadalitsa nyumba. Akagwira tsache mumamulanda, akanyamula ndowa mumaitana mwana wina. Anati chipitireni ku sukulu yogonera komweko simunamutumepo ngakhale kukapala moto. Akuti chimene amalakalaka kwambiri ndi kumva inu mukukuwa dzina lake kuchokera kumunda, mukumukalipira kuti wachedwa ndi madzi, monga mumachitira ndi azing'ono ake. Ananena akuseka, koma misozi inagwera m'lichero.

Tsopano mundilole ndikuuzeni mosapsatira, ngakhale ndinu aakulu. Pa holide ya Epulo ndinaona ndi maso anga. Mudzi wonse unali kumunda kukumba mtedza, Pemphero munamuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ana akayandikira munkawathamangitsa, mumvekere chokani, mkulu wanu akuwerenga. Foni ikatha moto munkainyamula nokha kukaitchajitsa ku golosale ya sola, mutaikulunga pakansalu ngati Ukaristia. Munkauza aliyense kuti manja a mwana wanu ndi a cholembera, khasu linathera pa inu. Ndikudziwa kuti chinali chikondi, ndipo palibe mayi wavutikira mwana kuposa inu. Koma taonani pamene zatifikitsa. Kwa ife tonse, munthu woweramira foni ndiye kuti akuphunzira, ndiye tinamutchingira mpanda kuti aweramire bwino. Lero mwanayu alibe chinthu ngakhale chimodzi choti angaloze n'kunena kuti ichi ndinachita ndine ndi manja anga, anthu n'kudya.

Zimene ananenazo zinandilasa chifukwa inenso ndimazidziwa. Ndikabwera kumudzi mumandiphera nkhuku, kundikhazika pampando wa alamu, anthu n'kumabwera kudzandipatsa moni ngati ndine wa boma. Ulendo watha ndinaona chitseko cha khitchini yanu chikulendewera, nditafunsa hamala munati alendo sagwira ntchito. Ine mmisiri wa matabwa, kuchoka kwathu chitseko cha mlongo wanga chikulendewera! Ulemu wotere umamuuza munthu kuti kuno si kwanunso, ngakhale eni ake sakutanthauza zimenezo. Ngati ukundipweteka ine wa imvi, kuli bwanji mwana?

Pempho langa ndi limodzi. Asanayambe mayeso amawapatsa sabata yoti akonzekere, ndipo ndaganiza zomukweza basi Loweruka likubwerali kuti sabata imeneyo adzakhale nanu. Akafika, mutsitse matumba a mbewu aja mumapachika kudenga, mumupatse lichero, aswe ndi kusankha yekha mtedza umene mudzale chaka chino. Wonse, osati kumupatulira kambale koseweretsa. Mumuuze kuti munda ukudikira iye.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Chalimbana ameneyo, mtedza wathu wa mbewu, munamulandira kwa malemu amayi, ndipo chichokereni palibe dzanja lina linamusankhapo. Alamu a Bizwell atangotapako kodzaza dzanja chaka chija, munawalondola mpaka ku bawo, anthu akusimbabe. Ndikudziwanso kuti mbewu ikalakwika palibe kobwerera, chaka chonse chapita. Koma kumbukirani kuti inuyo amayi anakupatsani lichero limenelo muli wamng'ono kuposa Pemphero. Ine ndinalipo. Anakusiyirani matumba n'kupita kumaliro ku Nabvutika, osacheuka, ndipo atabwerako anadzala zimene munasankhazo osayang'anamo. Mtima umene muli nawo lerowu, woti mukhoza kukalipira mitambo, unayambira pamenepo.

Ndiye inunso musadzayang'anemo. Ndikukudziwani, mudzafuna kudzuka iye kulibe n'kubwerezamo mwakabisira. Adzadziwa, diso lake ndi lanu lomwe, ndipo akadziwa ndiye kuti tamuphera pomwepo. Mukaona kamtedza kamene inu mukanataya, lumani mlomo. Foni musamulande, musaitchulenso n'komwe, mtedza umafuna manja onse awiri. Za kusukulu musayambe ndinu, ngati afuna adzanena yekha muli pa lichero. Mphasa ya pansi pa mango ija mupinde. Mutumeni kumjigo, mutumeni kudimba, akapsereza ndiwo mumukalipire ndithu, ndipo nkhuku isafe chifukwa cha iye.

Sindikulonjeza kuti zitheka. Ine ndine kalipentala, za m'mutu mwa munthu sindinaphunzire. Ndili ndi mantha kuti akhoza kufika kumeneko n'kukana kubwerera, zaka zonse munavutikazi n'kuthera pomwepo. Felesita akuti ndikutchova njuga ndi mwana wa eni, ndipo mwina akunena zoona. Koma kumusunga muno mmene alilimu ndi kumutaya ndikuona. Zaitun akuti kusukulu kuli mayi wina amene amacheza ndi ana ovutika maganizo, ndipo walonjeza kuti Pemphero akabwerako adzamuperekeza, n'kumawerenga naye mpaka tsiku la mayeso. Mutu umodzi susenza denga. Inu mbali yanu ndi yoti Lamulungu linalo, Misa ikatha, mumukweze galimoto yobwerera kuno, akhale munthu woti wasiya mbewu ya banja lonse itasankhidwa ndi iye.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Bizwell, muwauze kuti mpini wa nkhwangwa uja sindinaiwale. Moni kwa amayi aang'ono a Ketilina, ndamva kuti miyendo ikuwavuta, mafuta opaka adzabwera ndi Pemphero. Moni kwa azing'ono ake a Pemphero onse, kwa asuweni athu a kutsidya, ndi kwa a mphakati wathu, mutikumbukire m'mapemphero a Lachinayi. Mukapita kumanda kukalambula, muwauze amayi kuti mwana wawo wa ku Lusaka sanaiwale njira. Felesita akupereka moni wambiri, akuti chaka chamawa adzaswa mtedza ngati munthu. Mvula yoyamba ikagwa mundiimbire, musalankhule kanthu, mungoloza foni kudenga la malata ndimve.

Chotsala ndi ichi, ndipo mundikhululukire. Dzulo ndinamuuza za ulendowu, iye anakana, ati akapita kukatani, kukakhala pamphasa? Pamenepo pakamwa panga panathamanga. Ndinamuuza kuti si ine ndaganiza, ndinu mwaimba, mwati chaka chino mbewu asankhe Pemphero. Alongo, mukanaona. Anaika foni pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandifunsa ngati amayi anatchuladi dzina lake, kapena anangoti mwana aliyense abwere adzathandize. Ndinati anatchula Pemphero. Anafunsanso ngati akunena mbewu ya agogo ija. Ndinati yomweyo. Analowa m'nyumba.

Lero pochokera kutchalitchi ndapeza wachapa chitenje chake chakale n'kuchiyanika, ndipo chikwama chili kale pafupi ndi chitseko, chonsecho ulendo ndi wa Loweruka. Ndanama m'dzina lanu, ndipo mwana wakhulupirira. Akatsika galimoto adzakufunsani ngati munamuitanadi. Chonde, alongo anga, mudzati inde.

Ndine mlongo wanu wokusowani masiku onse,

Matiyasi